Ndinati ndi lole yafa, chonsecho anali maliro

Aphungu,

Mundikhululukire kalembedwe kangaka. Sukulu ndinalekezera giredi folo, ndipo dzanja langa linazolowera khasu kuposa bolopeni, choncho pena mupeza zilembo zagonerana ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Pamene ndakhotetsa mawu muwongole nokha. Ndikanapempha wina kuti andilembere, koma nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga.

Ndine bambo wa zaka 61. Ndimalima mtedza ndi thonje kuno ku Sinda kumene ndinakwatira, koma kwathu kwenikweni ndi ku Vubwi, kumudzi wina wa kufupi ndi malire. Tinabadwa atatu. Oyamba ndi alongo anga a Adelina, amene akadali kumudziko. Kenako ine. Womaliza anatisiya kalekale, nasiya mwana wamkazi wa zaka zinayi dzina lake Vainess. Mwanayu anamulera ndi a Adelina, ndi mtedza wogulitsa pa mbale, mpaka anaphunzira unamwino. Lero akugwira ntchito ku Ireland ndipo anakwatiwa komweko ndi mzungu wina, a Owen.

Mu Ogasiti chaka chino anabwera awiriwo. Vainess anali atatha zaka khumi ndi chimodzi osaponda kumudzi, ndipo a Owen kanali koyamba kufika ku Zambia. Iwo sankafuna za mahotela kapena zokaona nyama. Ankafuna kuona midzi, makamaka mudzi umene unalera mkazi wawo. Ndiye atatsika ndege ku Lusaka anabwereka galimoto ku kampani ina yobwereketsa, yoyera mbee, ya matayala akuluakulu, kuti aziyendetsa okha. Ine ananditenga kuti ndiziwalozera njira.

Vuto linayamba tsiku lomwe anafika. Vainess anatulutsa pepala la kampani ija kuti andionetse. Panali chithunzi cha galimoto, ndipo paliponse pamene inali ndi kachipsera anali atazunguliza ndi bolopeni. Anandiwerengera kuti salola kukweza anthu opitirira asanu, salola katundu wolemera, salola kutuluka nayo m'dziko. Iye ankawerenga akuseka. Ine sindinaseke.

Ndine munthu wa nkhawa chibadwire, Aphungu. Mtambo ukada ndimaganiza za matalala, ukayera ndimaganiza za chilala. Kuyambira tsiku limenelo galimoto ija ndinaisenza pamutu ngati ndi yanga. Pokwera ndinkavula nsapato. Pampando ndinkayala saka. Tikadutsa pa minga ndinkapuma mwa theka, tikaima ndinkaizungulira kuwerenga zipsera ngati sizinabadwe zina. Vainess anachita kundiuza kuti, “Amalume, galimoto si tchalitchi, valani nsapato.” Ndinavala, koma mapazi ndinkawanyamula m'mwamba.

A Owen ndi munthu wabwino, ndisawanamizire. Anaphunzira mawu amodzi, zikomo, ndipo ankauza aliyense, ngakhale mbuzi zikawapatukira pamsewu. Chilichonse ankafunsa. Tsiku lina pa msewu waukulu, pakati pa Sinda ndi Katete, anaona nthambi zaikidwa milumilu m'mbali mwa tala. Ndinawafotokozera kudzera mwa Vainess kuti kuno lole ikafa, oyendetsa amaika nthambi kuti obwera m'mbuyo achenjere. Titangokhota tinaipezadi lole itatsegula kukamwa. Anasangalala ngati apambana mayeso.

Tinazungulira midzi ya ku Sinda, Loweruka tinakaonerera mwambo wa Kulamba ku Mkaika, tinagula zitenje zisanu ndi chimodzi pa msika wa Katete zoti tikapatse a Adelina ndi anzawo. Tsiku lililonse Vainess ankati mawa tipite kumudzi, ndipo tsiku lililonse ndinkapeza chifukwa. Zoona zake ndinkaopa njira. Ukasiya msewu wa ku Vubwi n'kulowa kanjira kakwathu, ndi miyala, zigwembe ndi zitsamba zokanda. Ndinazengereza mpaka kunatsala tsiku limodzi, Lolemba, poti Lachiwiri m'mawa anayenera kunyamuka kukabweza galimoto ku Lusaka. Uthenga tinatumiza kwa a Adelina kuti tifika Lolemba masana.

Tinadzera ku Katete ndi ku Chadiza. Cha m'ma 11 koloko tinalowa kanjira kaja. Titatsala pang'ono kufika, mwina mtunda woyenda pansi mphindi makumi awiri, ndinaona masamba. Sanali milumilu m'mbali ngati a lole. Anali aawisi, atagonekedwa mopingasa njira kuchokera mbali ino kufika mbali inayo. Patsogolo pang'ono bambo wina ankakankha njinga, chipewa chili m'manja. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa tanthauzo lake. M'mudzi muli maliro.

A Owen anaima, nanditembenukira akumwetulira, nati, “Lole?”

Aphungu, m'kanthawi kochepa kameneko mutu wanga unathamanga mtunda wautali. Ndinaona galimoto yoyera ikulowa pa siwa. Ndinaona akuluakulu akubwera chogwada kudzapempha kuti ikatenge bokosi, ikatenge achibale a kutali, ikatute nkhuni, monga zimakhalira galimoto ikapezeka pa maliro a kumudzi. Ndikakana, ati Isaac wayamba kunyada ndi mzungu wake. Ndikavomera, pepala lija. Ndinaona Vainess ali m'thalauzi, a Owen ali m'kabudula, kamera ili pakhosi, akuuza anamfedwa kuti zikomo. Zonsezi ndinaziona ngati zachitika kale.

Vainess anali kumbuyo. Anasuzumira, nafunsa motsitsa mawu: “Amalume, amenewa si a maliro?”

Ndinayankha kuti, “Iyayi mwanawe. Ndi lole ya thonje, yafera pa kamlatho. Palibe podutsa.”

Anandikhulupirira. Ndine malume wake, ndipo iye anachoka kumudzi ali mtsikana. Anati ndiye tisiye galimoto tiyende pansi. Ndinati n'kutali kwambiri, komanso galimoto ya eni sisiyidwa yokha kufupi ndi malire. Anati tidikire aichotse. Ndinati lole ikafa kuno imatha masiku atatu, zipangizo zimachokera ku Chipata. Bodza limodzi linabala ana atatu ndili pampando womwewo. Anayesa kuimbira a Adelina koma foni yawo imagwira pokhapokha akakwera pa chulu cha kuseri kwa nyumba. A Owen anatembenuza galimoto pang'onopang'ono, kupita kutsogolo, kubwerera m'mbuyo, kanayi konse poti njira ndi yopapatiza. Amayi ena amene ankabwera ndi mbale za ufa pamutu anaima m'mbali kutiyang'ana. Ine ndinawerama ngati ndikumanga chingwe cha nsapato.

Chikwama cha mphatso tinachisiya pa golosale ya pamphambano. Vainess anauza mayi wa pagolosalepo kuti akapereke kwa a Adelina, ndipo akawauze kuti tabwerera chifukwa cha lole imene yatseka njira. Mayiyo anandiyang'ana ine. Kenako analandira chikwamacho. Njira yonse yobwerera Vainess ankalira mwakachetechete, ndipo a Owen sanauzenso mbuzi zikomo.

Patapita masabata awiri chikwama chija chinandipeza ku Sinda. Anabwera nacho munthu wina wa kwathu wogula mtedza. Zitenje zonse zinali momwemo zosafunyulula, shuga, sopo, bulangete, ngakhale kalata imene Vainess anaikamo, yosatsegula. Munthuyo anati a Adelina amutuma mawu awa: “Ukawauze kuti kuno kulibe lole inafa. Amene anafa ndi a Sankhani.”

A Sankhani anali oyandikana nafe nyumba kumudzi. Sanali achibale, koma nthawi imene Vainess ankalemba mayeso a giredi seveni, mtsinje utadzaza, ndi iwo amene ankamukweza pa njinga masiku onse a mayeso, kuzungulira njira yakutali, osalandira kanthu. Vainess anawatchula kawiri paulendowu. M'chikwama muja munali malaya amene anawagulira.

Ndinalimba mtima n'kupita kumudzi mu Seputembala, pa minibasi ndi njinga ya hayala. Ndinanyamuka nditakonza mawu onse. Ndinapeza kuti mudzi wonse ukudziwa. Akuti Vainess anabwera ndi galimoto yonyezimira, ataona masamba anathawa poopa fungo la maliro a anthu osauka. Akuti a Adelina tsiku limenelo anali atakhala ndi amayi anzawo pa siwa, atauza aliyense kuti mwana wanga akubwera lero, adzalira nafe. Ndiye amayi a ufa aja anafika n'kunena zimene anaona, pamaso pa anthu onse.

Alongo anga anandilandira, anandipatsa madzi, koma anakalamba m'mwezi umodzi. Miyendo yatupa, akuyenda ndi ndodo. Ndisanatsegule pakamwa anati: “Iwe Isaac sindikukuimba mlandu. Ndiwe wamantha kuyambira uli mwana, umangotsata kumene akukokera. Koma mwana amene ndinamutafunira chakudya ine, kundipangira bodza la lole?”

Apa ndi pamene ndinayenera kunena. Ndinatsegula pakamwa. Koma atanena kuti sakundiimba mlandu, thupi langa linapepuka, ndipo ndinakonda kupepukako. Ndinangoti, “Ana a masiku ano.” Ndi zimene ndinanena, Aphungu. Ndinagona kumeneko masiku awiri, kunyumba kwa a Sankhani, kumene kunatsala mkazi wawo, sindinapiteko, ndinabwerera.

Tsopano Vainess amandiimbira Lamlungu lililonse. Akuti amayi ake aakulu, a Adelina, akangomva mawu ake amadula foni. Akufunsa kuti walakwa chiyani, kapena akwiya chifukwa sitinayende pansi. Ine ndimati ndi netiweki. Za imfa ya a Sankhani sakudziwa, ndipo sabata yatha anafunsa ngati malaya anawakwana. Ndinati anawakwana. Chikwamacho chili pansi pa bedi langa. Mkazi wanga akuganiza kuti ndi katundu wosungitsa.

Ndikamuuza Vainess, adziwa kuti malume wake anamubera tsiku limodzi lokha limene anali nalo, ndipo ndikuopa kuti sadzandiitananso amalume. Ndikawauza a Adelina, mwina mtima wawo sungapirire, poti amadwala kuthamanga kwa magazi. Ndikakhala chete, mayi ndi mwana asiyana chifukwa cha ine. Galimoto ija anaibweza yopanda chipsera ngakhale chimodzi chatsopano, Vainess anachita kunditumizira uthenga wondithokoza. Mpaka lero sindinauze aliyense, sindikudziwa woyamba kumuuza, ndipo alongo anga sakulankhulabe ndi mwana wawo.

I. M., Sinda

Bambo I. M.,

Kalembedwe kanu ndakawerenga bwinobwino, musadandaule nako. Chimene chakhota si zilembo.

Ndiyambe ndi kukuchotserani katundu amene si wanu. Kuopa kuononga chinthu cha eni si tchimo. Munthu amene sanabwerekepo galimoto akaona pepala lozunguliza zipsera amanjenjemera ndithu. Pa masamba paja munachita mantha, ndipo mkamwini wanu anakuikirani bodza m'manja mosadziwa, inu n'kungolilandira. Zimenezo ndikuzimvetsa.

Koma la mu Seputembala ndi lina. Pamenepo panalibe galimoto, panalibe pepala, panalibe mzungu wa kabudula. Panali inu ndi mlongo wanu, ndipo munalola mwana wosalakwa asenze mlandu wanu kuti inu mupepukidwe. Lamlungu lililonse mukanena kuti ndi netiweki, mukutembenuzanso galimoto ija. Mukudziwa zimenezi, n'chifukwa chake mwalemba.

Mwafunsa woyamba kumuuza. Yambani ndi mkazi wanu, lero lomwe. Tulutsani chikwamacho pansi pa bedi, mumuonetse, mumuuze zonse monga mwandiuzira ine. Akalipa, mulekeni akalipe. Mukufunika munthu woti akuperekezeni, chifukwa ndakuonani kuti mukakhala nokha mawu amakuthawirani pakhosi.

Kenako sabata ino, osati mvula ikagwa, osati mukatha kubzala, kwerani minibasi nonse awiri ndi chikwamacho. Mukafika musayambe ndi za ulendo kapena za mitengo ya mtedza. Mukangopatsana moni nenani kuti, “Achemwali, bodza la lole linali langa. Vainess anafunsa ngati ndi maliro, ine ndinakana. Anafuna kuyenda pansi, ine ndinamuletsa.” Mawu amenewa muwaloweze panjira. Musawonjezere kuti koma pepala, koma mzungu. Zifukwa mudzanena akakufunsani.

Mukuti mtima wawo sungapirire. Bambo, taganizani bwino. Chimene chikuwadya mayiwa ndi kuganiza kuti mwana amene anamulera anawachita manyazi. Inu mukupita kukawauza kuti mwanayo analira njira yonse. Umenewo ndi mankhwala, si poizoni. Adzakukwiyirani inu, inde, koma kukwiyira mlongo wamantha n'kopepuka kuposa kulira mwana wamoyo. Ngati mukuopabe, onetsetsani kuti amwa mankhwala awo, akhala pansi, ndipo pali mayi mnzawo pafupi.

Musathere pakhonde la a Adelina. Dzina la Vainess linaipa pagulu, pa siwa, ndiye liyeretsedwenso pagulu. Pitani kwa mkazi wa a Sankhani ndi chipepeso monga mwa mwambo, nkhuku kapena ufa, chimene mungathe. Mutenge ndi malaya aja, muwauze kuti anagulidwa ndi mwana amene sanaiwale njinga ya amuna awo. Munene pamaso pa amene alipo kuti amene anabweza galimoto pa masamba paja ndinu. Mawu otere safuna wailesi, pofika madzulo adzakhala atazungulira mudzi wonse. Mayi wa pagolosale uja mumuuzenso podutsa, anakusungirani ulemu wokwanira.

Mukatero kwerani pa chulu chija muimbire Vainess. Muyambe ndinu kulankhula, osati kungopereka foni. Mumuuze za a Sankhani, mumuuze za masamba, mumuuze za malaya. Mwina adzadula foni. Ali ndi ufulu. Mupatseni nthawi, koma muwapemphe a Adelina kuti akaimbanso asamudulire. Ntchito yanu si yoti akukhululukireni inu. Ntchito yanu ndi kubweza mwana kwa mayi ake.

Ndinenenso kwa ena amene abale awo akubwera kuchokera kunja n'kubwereka galimoto yoyendera midzi. Funsani ku kampani musananyamuke ngati amalola njira za fumbi, ndipo mufunsenso kuti ikakandika chimachitika n'chiyani, kuti musamayende ndi mantha a zinthu zimene simukuzidziwa. Kwa munthu amene mwadzera mupiteko tsiku loyamba, zoonerera zibwere pambuyo. Mlendo muuzeni za miyambo yathu musanafike, osati kumubisira. Ndipo mukapeza masamba panjira, zimitsani wailesi, imikani galimoto pambali, mulowe wapansi. Akakupemphani kuti ikanyamule bokosi, kunena kuti ndi yobwereka ndipo eni ake salola si chipongwe. Anthu akumudzi amabwereka ngolo ndi ng'ombe, amadziwa kuti cha eni chili ndi malamulo ake.

Inu bambo, zonse zimene munkaopa zinali ndi yankho m'galimoto momwemo. Zitenje zisanu ndi chimodzi zinali ku buti, chimodzi chikanaphimba thalauzi la Vainess. Kamera imavulidwa. A Owen, amene anaphunzira zikomo tsiku limodzi, akanaphunziranso pepani. Nkhawa yanu inakuonetsani mavuto onse, koma sinakuonetseni zimenezi. Musaipatsenso chiwongolero.

Sindingakulonjezeni kuti Vainess adzakuitananinso amalume msanga, kapena kuti a Adelina adzalandira chikwamacho ulendo woyamba. Zimenezo zili m'manja mwawo. Koma chenjerani ndi kuzengereza kwanu, chifukwa ndi kumene kunakusiyirani tsiku limodzi lokha mu Ogasiti. Alongo anu ndi achikulire ndipo akudwala. Mukachedwa, tsiku lina mudzapezanso masamba aawisi pa kanjira komweko, ndipo tsiku limenelo simudzakhalanso ndi womuuza.

Aphungu